Kugula Suti pa Intaneti mu Harare: Mafunso ndi Mayankho

Ndine telala, ndimasokera ku Highfield. Masiku ano ntchito yanga yambiri si kusoka suti yatsopano ayi, koma kukonza masuti amene anthu agula pa intaneti, afika, n'kupezeka kuti sakufanana ndi zimene analonjezedwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale athu a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth amandifunsa mobwerezabwereza, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Paja anzathu Achishona sachita ukwati mu Novembala, ndiye maukwati amathinana mu Okutobala ndi Disembala, ndipo ndi nthawi imene anthu amatumiza ndalama mwaphuma.

Kodi zonse zolembedwa pa webusaiti ya sitolo ya masuti ndi bodza?

Ayi. Koma mawu ake muziwagawa pawiri. Pali mawu oti munthu angawatsimikize: nsalu ili ndi ubweya wa nkhosa wochuluka bwanji, suti inasokedwa dziko liti, sitolo ili mumsewu uti, katundu afika tsiku liti. Ndiye pali mawu ongokometsa pakamwa, monga "premium", "luxury", "executive" kapena "number one in Harare". Awa palibe amene angawayeze ndi tepi, ndipo ngakhale wogulitsa pansi pa mtengo atha kuwalemba. Inu muziwadumpha ngati simunawaone, muzisaka a gulu loyamba lija. Webusaiti ikadzaza ndi mawu okometsa okhaokha, osatchula nsalu ngakhale kamodzi, nthawi zambiri ndiye kuti nsaluyo si yonyaditsa.

Ndingadziwe bwanji kuti sitoloyo ilipodi?

Yang'anani ngati alemba malo enieni: dzina la nyumba, msewu ndi nambala ya shopu. Kungolemba kuti "Harare CBD" sikokwanira, tauniyo ndi yaikulu. Akati ali ku Eastgate, ku Joina City kapena ku Gulf Complex, kwerani kombi mukaone, kapena tumani mphwanu amene amagwira ntchito mtauni. Dola ya kombi siingafanane ndi madola 150 otayika.

Ogulitsa ambiri oona mtima alibe shopu, amasunga katundu kunyumba n'kumagulitsira pa WhatsApp. Limenelo si tchimo. Koma woteroyo avomere kukumana nanu pamalo a anthu, suti ili m'manja. Wokana kukumana, amene nthawi zonse "ali ku Joburg kukatenga katundu", musamutumizire kalikonse.

Pa Facebook pali malo otchedwa Page transparency, oonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndiponso maina amene linkadziwika nawo kale. Tsamba lonena kuti lakhala likuveka anthu zaka khumi, koma linatsegulidwa miyezi itatu yapitayo, kapena kale linali logulitsa mafoni, ladziulula lokha.

Webusaiti yawo ili ndi kaloko pamwamba. Si ndiye kuti ndi yodalirika?

Kalokoko kamangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi webusaitiyo. Sikanena kanthu za mtima wa mwini wake. Akuba nawonso ali nako, ndipo kamapezeka kwaulere.

Alemba kuti "Italian suit". Ndiye kuti yachokera ku Italy?

Funso ili ndiye limabwera kwambiri, ndipo ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Mawu amenewa atha kutanthauza zinthu zinayi zosiyana. Mwina suti yonse inasokedwa ku Italy. Mwina nsalu yokha ndiyo inalukidwa ku Italy, koma kusoka kunachitikira kwina. Mwina ndi kadulidwe chabe, jekete yogwira thupi ndi mapewa ofewa, zimene amazitcha "Italian cut" kapena "Italian style". Mwinanso, ndipo izi ndiye zofala, angoipatsa dzina lomveka Chitaliyana lothera ndi "i" kapena "o", basi.

Masuti ambiri amene amafika patebulo langa ndi osokedwa ku Turkey kapena ku China, ena amadzera ku Johannesburg. Sindikunyoza ayi. Ku Istanbul kuli mafakitale osoka bwino zedi, ndipo suti yabwino ya ku Turkey itha kukutumikirani zaka. Cholakwika n'kukulipiritsani mtengo wa Italy pa katundu wa kwina.

Mmene mungafufuzire ndi umu. Pemphani chithunzi cha kansalu koyera kamene kamasokeredwa m'thumba la mkati mwa jekete. Pamenepo ndi pamene pamalembedwa dziko limene suti inasokedwa ndi mtundu wa ulusi. Chikwangwani chachikulu cha pakhosi kapena chapamkono n'chongokongoletsa. Ngati akuti nsalu ndi ya ku Italy, afunseni dzina la fakitale yoluka. Nsalu zambiri zabwino za ubweya zimalukidwa m'dera la Biella, kumpoto kwa dzikolo, ndipo mafakitale ake ndi odziwika, monga Vitale Barberis Canonico, Reda ndi Ermenegildo Zegna. Ku England malo otchuka ndi Huddersfield. Wogulitsa amene alidi ndi nsalu yotere safuna kufunsidwa kawiri, amatchula dzinalo monyadira, ndipo kawirikawiri mkati mwa jekete mumakhala kachikwangwani ka fakitaleyo. Akayankha kuti "ndi ya ku Italy basi, bwana", mwamva kale yankho.

Komanso ganizirani mtengo. Suti ya munthu wamkulu imadya nsalu yoposa mamita atatu. Onjezanipo layining'i, mabatani, malipiro a osoka, ulendo, msonkho wa ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, lendi ndi phindu la wogulitsa. Ndiye munthu akuuzeni kuti zonsezi, pa nsalu ya ku Biella, zakwana madola 70?

Nanga "100% wool"? Ndingatsimikize bwanji ndisanagule?

Yambirani pa kansalu ka m'thumba kamene ndatchula pamwambapa. Mukaona zilembo T/R kapena TR, dziwani kuti ndi poliyesitala yosakaniza ndi viscose, mulibe ubweya wa nkhosa. "Wool feel", "wool touch" ndi "wool look" akutanthauza kuti nsaluyo ikungofanana ndi ubweya. "Wool blend" ndi yosakaniza, ndiye funsani kuti ubweyawo ndi maperesenti angati, chifukwa 70 ndi 10 onse amatchedwa choncho. Palinso chizindikiro cha Woolmark, chooneka ngati kamtolo ka ulusi wozungulira, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1964. Chimaikidwa pa ubweya weniweni watsopano, koma popeza chizindikiro chimakopedwa, musadalire icho chokha.

Suti ikafika m'manja mwanu, finyani mkono wa jekete m'dzanja kwa kanthawi n'kuutaya. Ubweya wabwino umabwerera msanga. Poliyesitala imanyezimira padzuwa ndipo imaterera m'manja. Ife atelala timasolola kaulusi kamodzi mkati mwa msoko wa thalauza n'kukatentha ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo umasanduka phulusa lofumbutuka ndi zala. Poliyesitala imasungunuka n'kuuma kukhala kamkanda kolimba. Izi muchite mutagula kapena mwini wake atalola, musakayatse moto m'shopu ya eni.

Kodi poliyesitala ndi yoipa? Pa ukwati wa tsiku limodzi, kapena masuti a aperekezi asanu ndi atatu, T/R yabwino ndi yokwanira ndipo siikwinyika msanga. Koma ivaleni masana mu Okutobala, mutakhala m'tchalitchi chofolera ndi malata maola atatu, mudzandikumbuka.

Kodi "Super 150s" kapena "Super 200s" ndi chiyani? Nambala ikakula ndiye kuti suti ndi yabwino kwambiri?

Nambalayi imanena za kuonda kwa tsitsi la ubweya limene analukira nsalu, ndipo muyeso wake unakhazikitsidwa ndi bungwe la amalonda a ubweya padziko lonse lotchedwa IWTO. Amayeza mu ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Super 100s ndi ubweya wosapitirira ma micron 18.75, Super 120s ndi 17.75, Super 150s ndi 16.25. Nambala ikakwera ndi 10, ubweya umaonda ndi theka la micron. Mwa lamulo la bungwelo, mawu akuti "Super" ndi a ubweya weniweni wokha. Choncho suti yolembedwa "Super 180s" pamkono koma m'thumba mwalembedwa poliyesitala, ikudzitsutsa yokha. Zotere ndimaziona pafupifupi sabata iliyonse.

Ngakhale nambalayo itakhala yoona, kukula kwake si kulimba. Ubweya woonda kwambiri ndi wofewa, koma umatha msanga m'zigongono ndi pamatako. Bambo wokwera kombi tsiku ndi tsiku kupita ku ofesi, kapena mkulu wa mpingo wovala suti Lamulungu lililonse, amuyenera ndi Super 100s mpaka 120s. Nambala zapamwambazo ndi za anthu okhala ndi masuti khumi osinthasintha.

Amati "handmade", ena "bespoke", ena "tailor-made". Kusiyana kwake n'kotani?

Suti ya "bespoke" yeniyeni imayamba ndi pepala. Telala amakuyezani, amajambula patani yanu yanu, amadula nsalu, ndipo mumabwera kudzayesa kawiri kapena katatu isanathe. Atelala a ku Savile Row ku London amati suti yotere imadya maola osachepera 50 a ntchito ya manja. "Made to measure" ndi kutenga patani yomwe ilipo kale n'kuisintha pang'ono kuti ikukwaneni. Suti yopachikidwa kale pa hang'ala, imene angoifupikitsa miyendo, si iliyonse mwa ziwirizi. Ndiye webusaiti ikati "bespoke" koma ikukufunsani kuti musankhe pakati pa M, L ndi XL, mawuwo ndi okometsera chabe.

Za "handmade" pali kayesedwe kake. Kutsogolo kwa jekete kumafuna chouma mkati kuti kuime bwino. Masuti otsika mtengo amamata chouma chija ndi guluu pa moto. Okwera mtengo amasokera kanivasi mkati, yosamata. Tsinani nsalu m'munsi mwa batani lomaliza, chala china kunja china mkati, n'kukoka pang'ono. Mukamva kansalu kachitatu koyenda pakati, muli kanivasi. Mukapanda kukamva, ndi yomata. Yomata si yoipa pa mtengo wake, koma guluu akakhala wachabechabe, mukangoipititsa kochapitsa kangapo kapena kuisita ndi simbi yotentha kwambiri, pachifuwa pamatuluka matuza, ndipo amenewo ngakhale ine sindingawachize. Timisoko tating'ono tooneka m'mphepete mwa kolala musatitenge ngati umboni wa manja, pali makina osoka motero.

Zithunzi zawo ndi zokongola kwambiri. Ndizikhulupirire?

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zithunzi zambiri si za wogulitsayo, amazitenga pa mawebusaiti a makampani akunja. Sungani chithunzicho m'foni, muchifufuze ndi Google Lens. Chikapezeka pa masitolo makumi awiri a mayiko osiyanasiyana, kapena pa kampani yotchuka imene ikugulitsa suti yomweyo pa mtengo wochuluka kakhumi, dziwani kuti chimene chidzabwere ndi chongofanizira.

Ngakhale chithunzi chili chawodi, ojambula amakoka jekete kumbuyo ndi mapini kuti igwire thupi la wovalayo. Njira yabwino ndi kupempha kavidiyo ka suti yomweyo imene adzakupatseni, atajambulira panja padzuwa, akuonetsa mkati, mabatani ndi kansalu ka m'thumba. Kuitana pa vidiyo ya WhatsApp ndiye kumaposa, chifukwa mumamuuza nokha poti aloze.

Ali ndi ndemanga zambiri za nyenyezi zisanu. Kodi zimenezi si umboni?

Ndemanga zimene zili pa webusaiti yawo amasankha okha, mwinanso kulemba okha. Yang'anani za pa Google kapena m'munsi mwa zolemba zawo pa Facebook, ndipo yambani ndi zoipa. Ndemanga yeniyeni imakhala ndi tsatanetsatane: thalauza linali lalitali, anachedwa masiku atatu, mtundu unali woderako. Zabodza zimafanana kalembedwe, zimabwera zambiri sabata imodzi, ndipo olembawo alibe chithunzi kapena mbiri ina iliyonse. Onaninso mmene wogulitsa amayankhira wodandaula. Wotukwana kasitomala pagulu adzakutukwanani inunso.

Koma ndemanga yoposa zonse ili kutchalitchi ndi kumaliro. Mwa anthu a Mvano, a kwaya, a sosaite ya maliro, simungasowe amene anagulako kumeneko. Safunsa anadya phula.

Alemba kuti mtengo unali madola 300, tsopano 89, ndipo kwatsala maola awiri okha. Ndithamangire?

Jambulani tsambalo, mubwerenso mawa. Nthawi zambiri wotchi ija imakhala itayambiranso, ndipo "zatsala ziwiri zokha" zimakhala zikadali ziwiri. Mtengo wakalewo mwina palibe anagulapo. Inu funso lanu likhale lakuti suti iyi, nsalu iyi, ikuyenera madola 89 kodi? Yankho mulipeza poyerekeza ndi masitolo a mtauni, osati ndi nambala yokhwatchidwayo.

Funsaninso ngati mtengowo ndi wa madola a ku America kapena wa ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo ngati mukulipira mu ZiG, akusinthira pa mlingo wanji. Mugwirizane musanatumize.

Ndimavala saizi 40. Ndikaitanitsa 40 indikwana?

Osati nthawi zonse. Pali mawerengedwe awiri. Wa ku Britain umayeza chifuwa mu mainchesi, pamene wa ku Ulaya, umenenso a ku Turkey amatsata, umatenga theka la chifuwa mu masentimita. Choncho 40 ya ku Britain ndi 50 ya ku Ulaya, 42 ndi 52. Masuti osokedwera msika wa ku China amakhala ocheperako ndithu. Mukaona "drop 6", akutanthauza kuti chiuno cha thalauza n'chochepa ndi mainchesi asanu ndi limodzi poyerekeza ndi chifuwa cha jekete, ndiye jekete ya 40 imabwera ndi thalauza la 34. Kwa abambo a mimba yansima, apa ndi pamene pamavuta.

Pitani kwa telala akuyezeni chifuwa, mapewa, mkono, chiuno ndi mwendo, kenako mupemphe wogulitsa miyeso ya suti yeniyeniyo mu masentimita. Samalani kwambiri mapewa. Chiuno ndi miyendo ndimakonza mosavuta, koma mapewa akalakwika ndiye kumasula jekete yonse. Ndipo kuchepetsa n'kotheka, kukulitsa ayi, chifukwa masuti otsika mtengo sasiya nsalu yotsalira m'misoko.

Nanga madiresi a ukwati ndi zovala za hayala?

Zambiri zanenedwa pa zithunzi ndi saizi zikugwiranso ntchito pano, koma onjezani izi. "Silk" pa diresi la mtengo wotsika kawirikawiri ndi satini ya poliyesitala. Satini ndi kalukidwe, si mtundu wa ulusi. "Brand new" mutsimikize poyang'ana m'khwapa, m'munsi mokwekwerera pansi ndi pa zipi, chifukwa zina zimachokera m'mabelo, zomwe kwathu timati kaunjika, n'kuchapidwa bwino. Ku Mupedzanhamo, msika wa kaunjika wa ku Mbare, munthu amadziwa chimene akugula ndipo amalipira mtengo wake. Chopweteka n'kugula chomwecho pa mtengo wa chatsopano.

Pa hayala, funsani kuti chikole ndi ndalama zingati, chimabwezedwa liti, ndipo akati chovala chaonongeka amatanthauza chiyani. Jambulani chovalacho pochitenga, wogulitsa akuona. Mayi wina wa kumpingo kwathu anataya chikole chonse chifukwa cha banga limene linalipo kale, koma analibe umboni.

Kwa ankhoswe ndi akomiti ya ukwati: zovala za aperekezi muitanitse zonse nthawi imodzi. Nsalu zonyikidwa mu utoto masiku osiyana zimasiyana mtundu ngakhale dzina lili limodzi, ndipo pa zithunzi za ukwati zimaonekeratu.

Akuti "free delivery" ndipo katundu afika m'masiku asanu ndi awiri. Ndidalire?

Funsani funso limodzi: sutiyi ili mu Harare muno panopa, kapena mukaitanitsa ndikalipira? Ambiri olemba "in stock" amakhala alibe, amadikira ndalama yanu kuti atume munthu ku Johannesburg kapena aitanitse ku Guangzhou. Katundu wodzera pa Beitbridge, chipata cha malire ndi South Africa, mu Disembala amachedwa, aliyense amadziwa. Funsaninso ngati msonkho wa pachipata uli kale mumtengo, ndiponso ngati "free" ikufika ku Epworth ndi ku Dzivarasekwa kapena ikuthera mtauni. Ukwati ukakhala pafupi, siyani mpata wa masabata atatu kapena anayi, kuti telala apeze nthawi yokonza.

Alemba kuti "no refunds, no returns". Ndiye kuti zikavuta ndagwa nayo?

Ayi. Zimbabwe ili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2019. Lamuloli limaletsa kunamiza ogula pa za katundu, ndipo sililola wogulitsa kulanda ufulu wa wogula pongopachika chikwangwani chokana kubweza ndalama. Limafunanso kuti wogulitsa pa intaneti aonetse dzina lake lenileni ndi malo ake, ndipo limapatsa wogula pa intaneti masiku asanu ndi awiri oti atha kusintha maganizo katundu atafika. Mukafuna kubweza, musachotse zikwangwani, musaivale kuukwati, ndipo musabwere nayo kwa ine kuti ndidule miyendo. Suti yodulidwa kapena yosokedwa pa muyeso wanu ndi yovuta kuibweza, choncho za imeneyo mugwirizane polemba musanalipire.

Komabe kukhala ndi ufulu n'kwina, kupeza ndalama yanu m'manja n'kwinanso. Lamulo limagwira munthu wopezeka. N'chifukwa chake funso lachiwiri lija, la malo a sitolo, lili pamwamba.

Ndilipire bwanji kuti ndisalire?

Njira yabwino ndi kulipira mutaona ndi kuyesa suti. Ngati dipoziti ndi yosapeweka, ikhale yochepa, yotsalayo mudzamalize katundu atafika. Potumiza pa EcoCash kapena InnBucks, onetsetsani dzina la wolandira. Likasiyana ndi la sitolo kapena la munthu amene mukulankhula naye, funsani chifukwa chake musanatsimikize. Pemphani lisiti yolembedwa bwino, yotchula mtundu wa nsalu, saizi, mtengo ndi tsiku lofika. Mawu akuti "100% wool" akalembedwa pa lisiti amasanduka lonjezo loti mungaligwire. Wogulitsa akazengereza kuwalemba, ndiye kuti iye mwini sakuwakhulupirira.

Ndapusitsidwa kale. Ndipite kuti?

Choyamba jambulani zonse lero lomwe: tsamba la malonda, macheza a pa WhatsApp, uthenga wa malipiro, ndi chovala chimene chafika pamodzi ndi kansalu kake ka m'thumba. Masamba otere amafufutidwa usiku umodzi. Kenako lembani kwa wogulitsa mwaulemu, kunena chimene analonjeza, chimene chabwera, ndi tsiku limene mukufuna ndalama yanu. Ambiri amabweza akaona kuti muli ndi umboni.

Akakana, kadandauleni ku Consumer Protection Commission kapena ku Consumer Council of Zimbabwe. Palinso khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, Small Claims Court, kumene simufunika loya. Ngati munalipira koma katundu sanabwere n'komwe ndipo foni yatsekedwa, umenewo ndi mlandu wakuba mwachinyengo: pitani kupolisi ndi nambala imene munatumizako ndalama, ndipo dziwitsaninso kampani ya malipiroyo mwamsanga.

Ngati suti yafika, si imene munayembekezera, koma ukwati ndi Loweruka likubwerali, bwerani nayo kwa telala aliyense wodziwa majekete pofika Lachiwiri. Kusintha mabatani apulasitiki onyezimira, kuchotsa chikwangwani chapamkono, kufupikitsa manja kuti shati ioneke pang'ono ndi kugwira chiuno cha jekete ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri.